Kodi tinawafunsa ana tisanamange?



Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse. Madalitso ndi mtendere zipite kwa Mtumiki wathu Muhammad, swalla Allahu alaihi wasallam, akubanja kwake ndi maswahaba ake onse.

Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, lero tikambe za msewu. Inde, msewu weniweniwu, wa fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja, wa ngalande zosavundikira ndi kabaza wothamanga. Wina afunsa kuti za msewu zikulowa bwanji pa tsamba la dini. Paja hadith ija ya m'buku la Imam Muslim tonse tinaiphunzira ku madrasa: Mtumiki (SAW) anatiuza kuti imani ili ndi nthambi zambirimbiri, yapamwamba pa zonse ndi shahada, ndipo ya pansi penipeni ndi kuchotsa m'njira chinthu chimene chingapweteke anthu. Palinso nkhani ya munthu uja amene anapeza nthambi ya minga itagwera m'njira, n'kuikokera pambali, Allah n'kumukhululukira machimo chifukwa cha ntchito yomweyo. Choncho njira ili m'kati mwa imani yathu. Sitinaibwereke kwa a mabungwe nkhaniyi ayi, ndi yathu kuyambira kale.

Koma taganizani bwino. Kuti uchotse chopweteka m'njira, uyenera kuyamba wachiona. Ndiye funso langa ndi ili: m'mizinda yathuyi, amene amaona zopweteka za m'njira kuposa wina aliyense ndani?

Bambo wa galimoto sadziwa kuti kamlatho ka matabwa ka kuseri kwa msika kanathyoka thabwa limodzi. Iye sadutsako. Injiniya amene anajambula msewu pa kompyuta anawerengera magalimoto angati adzadutse pa ola, koma sanaimepo m'mbali mwa msewuwo 6 koloko madzulo, atanyamula Juzu Amma m'kajumbo, kudikira mpata woti awoloke. Ngakhale ife achinyamata, mwendo wathu ndi wautali. Ngalande timangoidumpha osaganiza n'komwe. Mwana wa zaka 6 akafika pa ngalande yomweyo amayamba waima, n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna pamene pali mwala, ndipo mvula ikagwa madziwo amamufika m'chiuno. Minibasi ikaima m'mbali mwa msewu, munthu wamkulu amasuzumira n'kuona zimene zikubwera, pomwe mwana amabisika yense kuseri kwake, dalaivala wobwerayo osamuona, nayenso osaona galimoto. Utsi wa galimoto umatuluka cha pamene pali mphuno yake. Bungwe lina la ku Netherlands, Bernard van Leer Foundation, linayambitsa ntchito imene analitcha Urban95, ndipo funso lawo ndi losavuta: mzinda umaoneka bwanji ukauyang'ana uli wamtali masentimita 95, msinkhu wa mwana wa zaka 3? Tsiku lina mudzangoyesa kunjuta m'mbali mwa msewu wa kwanuko kwa mphindi imodzi. Mudzadzuka mtima ukugunda.

Ndipo ana amenewa si kagulu kochepa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'Malawi muno, ndipo pafupifupi theka mwa iwo anali osakwana zaka 18. Bungwe la WHO likunena kuti pa dziko lonse, ngozi za pamsewu ndi zimene zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Kolera itavuta, mu January 2023, sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Vuto la madzi, zimbudzi ndi ngalande za mzinda linakathera pa mwana wa sukulu. Namondwe Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche mu March chaka chomwecho, m'nyumba za ku Chilobwe zija munali ana. Ku Ndirande, Bangwe, Mtandire, Kauma, Chinsapo, wokatunga madzi pa kiyosiki m'mamawa kawirikawiri ndi mtsikana wamng'ono, wotumidwa kukataya zinyalala ndi mnyamata wamng'ono. Iwowa ndi amene amauyenda mzindawu ndi mapazi, tsiku ndi tsiku. Koma pa msonkhano wa chitukuko, mipando yonse imakhala ya akuluakulu. Mwana akasendera pafupi timati, iwe, choka apa, akulu akukambirana.

Tiyeni tione ngati Mtumiki wathu (SAW) ankachita choncho.

M'chaka cha 622, atasamukira ku Madina, ngamira yake inagwada pa bwalo lina loyanikirapo tende. Apa ndi pamene panamangidwa mzikiti wake, chimango choyamba cha anthu onse m'kati mwa mzinda umenewo, pamene panali pa swala, pa sukulu, pa bwalo la milandu ndi pogona osauka. Malowo eni ake anali anyamata awiri amasiye, Sahl ndi Suhail, amene ankaleredwa ndi As'ad bin Zurarah (RA). Imam Bukhari akutisimbira kuti Mtumiki (SAW) anawaitana anyamatawo n'kukambirana nawo mtengo. Iwo anafuna kungopereka ngati mphatso, koma iye anakana mpaka anawagula malowo. Tangoganizani. Uyu ndi Mtumiki wa Allah, mzinda wonse wamulandira ndi chisangalalo, ntchito yake ndi yomanga nyumba ya Allah. Akanangoti malo awa tatenga, palibe akanatsutsa. Koma anaitana ana amasiye, n'kuyankhula nawo ngati eni ake a chinthu. Mapulani a mzinda wa Madina anayambira pamenepo.

Ina ndi iyi, ya Sahl bin Sa'd (RA), ili mwa Bukhari ndi Muslim momwe. Mtumiki (SAW) anapatsidwa chakumwa, n'kumwako. Kudzanja lake lamanja kunali mnyamata, kumanzere kunali akuluakulu. Sunnah ndi yoti chikho chipite kumanja. Iye anafuna kulemekeza akuluakulu aja, koma sanangomudumpha mnyamatayo. Anamupempha chilolezo. Mnyamata uja, amene maulama ambiri amati anali Ibn Abbas (RA), anakana mwaulemu, kunena kuti gawo lake lochokera m'manja mwa Mtumiki sangalipereke kwa wina. Ndipo Mtumiki (SAW) anamupatsa chikhocho m'manja. Apa pali phunziro limene ife limatipweteka pang'ono: anafunsa, anayankhidwa kuti ayi, ndipo ayi wa mwanayo anagwira ntchito. Ifetu timakonda kufunsa mwana funso limene yankho lake talikonza kale.

M'Qur'an yolemekezeka, mu Surah As-Saffat, Ibrahim (AS) ataona kumaloto lamulo lolemera lija lokhudza mwana wake, anamufotokozera mwanayo n'kumufunsa maganizo ake. Lamulo linali la Allah, silikanasintha ndi yankho la munthu, komabe mwini moyo umene unali pa chiswe anafunsidwa. Ndipo mu Surah Al-Baqarah timawaona awiri omwewa, bambo ndi mwana wake Ismail (AS), akukweza limodzi maziko a Ka'aba.

Koma nkhani imene ndikufuna tikhalepo pang'ono ndi ya Abdullah bin Umar (RA). Tsiku lina Mtumiki (SAW) anawafunsa maswahaba ake ngati mwambi: ndi mtengo uti umene masamba ake sayoyoka, umene ukufanana ndi Msilamu? Akuluakulu anayamba kutchula mitengo ya kutchire, uyu uwu, uyu uwo, onse osalasa. Abdullah, ali mnyamata, yankho linamubwerera mumtima kuti ndi mtengo wa tende. Koma anayang'ana m'bwalomo, n'kuona kuti wamng'ono pa onse ndi iye, Abu Bakr ali chete, bambo ake Umar ali chete, ndiye anachita manyazi n'kukhala duu. Mtumiki (SAW) anaulula yekha kuti ndi mtengo wa tende. Pambuyo pake Abdullah anawauza bambo ake kuti yankho lija anali nalo. Mukudziwa zimene Umar (RA) anachita? Sanamuyamikire kuti wachita bwino kukhala chete pamaso pa akulu. Anadandaula, n'kumuuza kuti akanayankha, iye akanakondwa kuposa kupatsidwa chuma chambiri.

Abale anga, m'makwalala athu muli a Abdullah ambirimbiri. Yankho ali nalo. Akudziwa kuti ngozi zimachitikira pa kona iti, akudziwa njira imene atsikana amaizemba kukayamba mdima ndi chifukwa chake, akudziwa chimbudzi cha pasukulu chimene ang'onoang'ono amaopa kulowamo chifukwa bowo lake ndi lalikulu. Angoti duu, poti tinawaphunzitsa kuti adabu ndi kutseka pakamwa. Adabu ndi kayankhulidwe kabwino: kudikira nthawi yako, kutsitsa mawu, kulemekeza imvi. Kubisa chimene ukudziwa pomwe chikanapulumutsa mnzako, chimenecho Umar sanachitche ulemu. Ndipo iye mwini atakhala Khalifa ankamulowetsa Ibn Abbas, ali mnyamata, m'bwalo la akuluakulu amene anamenya nawo nkhondo ya Badr. Ena anang'ung'udza kuti ifenso tili ndi ana a msinkhu womwewu, bwanji uyu yekha? Umar anawafunsa onse tanthauzo la Surah An-Nasr, ndipo amene anazindikira kuti surayo ikulosera kuyandikira kwa imfa ya Mtumiki (SAW) anali mnyamata uja.

Tsopano wina anena kuti zimenezo ndi za chikho cha chakumwa ndi tafsir, mzinda wa lero ndi wina, uli ndi bajeti, malamulo ndi mainjiniya. Chabwino. Tiyeni tione kumene anayesa.

Ku Italy kuli tauni ina ya m'mbali mwa nyanja yotchedwa Fano. M'chaka cha 1991, katswiri wa maphunziro a ana, Francesco Tonucci, anayambitsa kumeneko ntchito imene anaitcha mzinda wa ana. Ganizo lake linali loti mizinda yathu inajambulidwa poganizira munthu mmodzi: mwamuna wamkulu, wogwira ntchito, woyendetsa galimoto. Iye anati tasinthani muyeso, muyeso ukhale mwana, chifukwa njira imene mwana angayendemo bwinobwino ndiye kuti agogo, mayi woyembekezera ndi munthu wa pa njinga ya olumala ayendamonso. Anakhazikitsa khonsolo ya ana, anyamata ndi atsikana a ku pulayimale, yoti izilangiza meya. Chimene chinandisangalatsa ndi kasankhidwe kake: ankachita maere. Sankatenga wanzeru wa m'kalasi, kapena wodziwa kuyankhula pagulu, kapena mwana wa bwana. Ankafuna mwana wamba. Kuchokera m'ntchito imeneyi munatuluka dongosolo loti ana aziyenda okha ndi anzawo popita kusukulu, njira zake zitakonzedwa, ndipo eni masitolo a m'njiramo ankamata chizindikiro pakhomo chosonyeza kuti mwana akhoza kulowa kupempha madzi, chimbudzi kapena thandizo. Mzinda wa Rome nawo unakhazikitsa khonsolo ya ana mu 2001, Walter Veltroni ali meya. Kumeneko ana anatulukira kuti m'malamulo a mzindawo munali ndime yoletsa kusewera m'malo a anthu onse. Akuluakulu anakhala nalo lamulolo zaka zambiri osaliona vuto, poti iwo sasewera panja. Ana anadandaula kwa meya, ndipo ndimeyo inasinthidwa.

Pafupi ndi kwathu kuno, ku Dar es Salaam, bungwe la Amend linayamba ndi kuona njira zimene ana amayendadi popita kusukulu, kenaka n'kuika zinthu zosalira ndalama zambiri: mahampu, mizere yowolokera, tinjira ta oyenda pansi, zikwangwani, mwinanso kungosuntha geti la sukulu kuti lisayang'ane ku msewu waukulu. Kafukufuku anapeza kuti kuvulala kwa ana pamsewu kunatsika ndi 26 pa 100 alionse m'sukulu zimenezo, ndipo ntchitoyi inalandira mphotho ya mizinda ya WRI mu 2019. Mahampu, abale. Si ndege kapena sitima ya pansi pa nthaka.

Pa malamulo ndiye palibe chotiletsa. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene Malawi analivomereza mu 1991, m'ndime 12 likunena kuti mwana amvedwe pa nkhani zomukhudza molingana ndi msinkhu ndi kukhwima kwake, ndipo ndime 31 ikukamba za ufulu wosewera. Izi n'zabwino kuzidziwa mukamapita kwa khansala. Koma ife sitinadikire 1989 kuti timve zoti mwana amafunsidwa.

Ndikudziwa chimene ena mukuganiza: ana ndi ana, ukawafunsa adzati tikufuna dziwe losambira ndi ayisikilimu waulere. Ena adzaterodi, ndipo tidzaseka. Nanga akuluakulu pa misonkhano sapempha zosatheka? Shura, kukambirana kumene Allah anawatamanda nako okhulupirira mu surah imene ili ndi dzina lomwelo, sikutanthauza kuti aliyense woyankhula zake zichitika. Mtsogoleri amamva, n'kuyeza, n'kugamula, n'kuyadzamira kwa Allah. Mwana sangawerengere kukula kwa paipi kapena simenti yofunika pa mlatho. Imeneyo ndi ntchito ya amene anaiphunzira. Chimene mwana ali nacho ndi umboni. Iye ndi mboni ya njira. Ndipo woweruza amene amagamula mlandu atathamangitsa mboni imene inaona ndi maso, tonse tikudziwa kuti chigamulo chake chikhala chotani.

Choopsa chenicheni ndi china, ndipo timachiona kawirikawiri. Kukubwera mlendo wolemekezeka kudzatsegula chitukuko. Ana avekedwa mayunifolomu ochapa, aimikidwa padzuwa kuyambira m'mawa, mmodzi apatsidwa pepala lolembedwa ndi aphunzitsi kuti awerenge, ajambulidwa, zithunzi zipita pa Facebook ndi mawu oti ana atenga nawo mbali. Atenga mbali yanji? Mapulani anatha chaka chatha. Kumeneko ndi kuwagwiritsa ntchito ana ngati maluwa a patebulo, ndipo ana amazindikira msanga. Mwana amene wafunsidwa kawiri popanda chochitika, kachitatu amangoyankha chimene akuona kuti mukufuna kumva. Tikatero tamuphunzitsa chiphamaso ndi manja athu, ife amene timamuuza ku madrasa kuti unafiki ndi tchimo.

Tisanaloze chala ku khonsolo, tiyambe tayang'ana pakhomo pathu. Mizikiti ndi madrasa zathu ndi mbali ya mzinda, ndipo kumeneko ndiye kulibe wotiletsa. Mipopi ya pa malo opangira wudhu, ndi ingati imene mwana wa zaka 5 angaifike osakwera pa chidebe? Chimbudzi cha pa madrasa chili ndi loko amene kamwana kangathe kutsegula kali m'kati? Ana amaweruka nthawi yanji, ndipo m'miyezi ya June ndi July pamene kumada msanga, amene amakhala kutali amafika kwawo kukuoneka? Geti lathu limatulukira pati? Alipo makomiti amene anasonkha ndalama zambiri za matailosi ndi mnara wautali, masha Allah, Allah awalipire, koma ana 80 akaweruka amathamangira pa msewu wa phula popanda hampu kapena munthu wowawolotsa. Palibe anachita dala. Kungoti pa tsiku lojambula pulani, m'chipindamo munalibe munthu wamfupi. Mtumiki (SAW) ankafupikitsa swala ya jamaa akamva mwana akulira kumbuyo, poganizira mtima wa mayi wake. Ngati swala yeniyeniyo inkasintha kutalika chifukwa cha mwana mmodzi, geti ndi mpopi zingatikanike?

Ndiye pali nkhani ya mipanda. Munthu wagula puloti, pomanga mpanda akuba mita imodzi ya njira. Woyandikana naye akuti nanenso. Pakutha pa zaka zisanu njira imene munkadutsa galimoto yatsala kampata koti anthu awiri sangapatukirane, madzi a mvula asowa kolowera, ndipo ambulasi singafike. Mtumiki (SAW) anagamula kuti anthu akasemphana pa za kukula kwa njira, isiyidwe mikono 7, kumene ndi mamita opitirira 3. Anachenjezanso mwamphamvu za munthu wolanda nthaka ya ena ngakhale kachigawo kochepa ngati chikhatho. Njira ndi nthaka ya anthu onse. Chimodzimodzi kabwalo kaja kamene ana ankamenyapo mpira wachikulunga ndi kusewerapo phada ndi fulaye: tsiku lina amangodzuka n'kupeza mulu wa njerwa. Wogulitsa anafunsa wogula, wogula anafunsa mfumu, aliyense wasainira. Eni ake enieni, amene ankabwerapo tsiku lililonse, sanauzidwe n'komwe. Mawa lake tikuwakalipira kuti bwanji mukusewera mumsewu, kapena tikudandaula pa mimbari kuti ana a masiku ano angokhalira mafoni ndi mavidiyo. Akasewere kuti? Kumbukirani bwalo loyanikira tende lija ndi m'mene eni ake anachitiridwa.

Nanga ife achinyamata tingatani? Tili pamalo abwino kwambiri, chifukwa ana satiopa ngati m'mene amaopera madala, ndipo madala amatimvera kuposa m'mene angamvere mwana. Ambiri mwa ife ndi amene timaphunzitsa ku madrasa. Ndiye tiyeni tiyambe ndi chinthu chimodzi chosalira ndalama. Pemphani chilolezo kwa makolo ndi kwa a Shehe, mutenge ana 8 kapena 10, muyende nawo njira imene amayenda kuchokera ku madrasa kupita kwawo, pa nthawi yeniyeni imene amayenda. Inu mukhale pambuyo, atsogole ndi iwo. Musawafunse kuti mukufuna chitukuko chanji, funso limenelo ndi la pa wailesi ndipo adzakuyankhani za pa wailesi. Afunseni kuti pamene umaopa ndi pati? Mvula ikagwa umadzera kuti? Unagwapo pati? Malo amene umawakonda ndi ati? Mukabwerera, apatseni pepala lalikulu ajambule mapu awo, pofiira poopsa, pobiriwira pabwino. Adzakangana okhaokha za pamene pali mtengo wa mango, asiyeni, mapu amakoma choncho.

Alongo athu, inu muyende ndi atsikana paokha. Pali zinthu zimene mtsikana wa zaka 12 sanganene pamaso pa anyamata kapena pa ustadh wamwamuna: gulu la anyamata limene limakhala pa kona ina, bambo wa pa shopu ina amene amamuitana mayina, chimbudzi chopanda chitseko. Mukamva nkhani yolemera yokhudza chitetezo cha mwana, imeneyo isalembedwe pa mapu. Ipite mwachinsinsi kwa makolo ndi kwa oyenera, monga a zosamalira ana kapena a polisi. Ndipo musaiwale mwana amene sabwera n'komwe ku madrasa chifukwa njinga yake ya olumala singadutse pa ngalande ija. Ameneyo mupiteni kwawo. Kusabwera kwakeko ndi umboni waukulu kuposa mapu onse.

Mapu aja akatha, muwagawe pawiri. Pali zimene tingachite tokha Loweruka limodzi: kukhomera thabwa, kuchotsa zinyalala zatseka ngalande, kutsitsa mpopi umodzi, kuika babu panja pa mzikiti kuti liwalitse njira, kusinthana kuwolotsa ana akaweruka. Zimenezi ndi nthambi ya minga ija, musadikire kalata. Pali zina zimene ndi za khonsolo kapena oyang'anira misewu, monga hampu ndi mizere yowolokera. Musakumbe msewu wa boma nokha usiku, hampu yomangidwa molakwika imagwetsa wa kabaza ndi amene wamunyamula. Zimenezo lembani kalata, mupite nayo kwa khansala wa dera lanu ndi ku komiti ya chitukuko ya wadi, ana awiri kapena atatu apite nawo, afotokoze okha ndi mawu awo, ngakhale achite chibwibwi. Itanani a tchalitchi choyandikana nanu ndi a sukulu ya pulayimale, poti galimoto ikamathamanga sifunsa kuti mwana uyu ndi wa dini yanji, ndipo kalata ya magulu atatu imalemera kuposa ya gulu limodzi. Pemphani chinthu chimodzi chodziwika, pamalo amodzi odziwika. Akatswiri a za pamsewu amalimbikitsa liwiro losapitirira makilomita 30 pa ola pamene pali ana ambiri oyenda pansi, chifukwa munthu wogundidwa pa liwiro limenelo mwayi wake wopulumuka ndi waukulu kusiyana ndi pa 50. Mfundo imeneyi muilembe m'kalatamo.

Mwina adzakuyankhani kuti ndalama palibe. Mwina sadzayankha. Mupitenso, mwaulemu, ndi kope la kalata yoyamba m'manja. Koma kaya zatheka kaya zakanika, mubwerere kwa ana aja mukawauze zoona: ichi tachita, ichi atikaniza pa chifukwa chakuti, ichi tikudikirabe. Mawu amene anakupatsani ndi amana, ndipo amana imabwezedwa kwa mwini wake. Gawo limeneli ndi limene ambiri amalidumpha.

Chomaliza, poti tili pa intaneti: musaike nkhope za ana, mayina awo kapena njira imene amadutsa pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Mapu osonyeza pamene mwana amayenda yekha madzulo si chinthu choti aliyense achione. Jambulani ngalandeyo, jambulani thabwa lothyokalo, zikwanira. Ndipo amene muyese zimenezi kwanuko, mudzatiuze m'makomenti chinthu chimodzi chimene ana anakuonetsani chomwe inu munali musanachionepo, kuti a madera ena aphunzirepo.

Allah atisungire ana athu popita ndi pobwera, awachitire chifundo amene anatisiya, ndipo atilandire ntchito zathu zazing'ono. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.